Mkwiyo wa Alamu Anga Unkaweruka ndi Dzuwa

Alamu anga a Laurenti anali telala. Makina awo opalasa ndi mapazi ankakhala pakhonde la golosale ya a Hamis ku Chilomoni, ndipo ine ndinkakhala pambali pawo ndi beseni langa la mandasi, kotero zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa munthu. Anakwatira achemwali anga a Lusiya. Tonse ndife a ku Chikwawa, ndipo tinabwera m'tauni muno mmene anthu akwathu ankabwerera: mmodzi akapeza pogona, enanu mumatsatira ndi mphasa zanu.

Anali munthu wamfupi, wadazi, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale kumaliro. Pa ntchito panalibe wowaposa m'dera lathu lonse. Koma anali ndi mtima wapachala woti sindinauonepo pa munthu wina. Ulusi ukaduka, akwiya. Kasitomala akanenepa pakati pa tsiku loyeza ndi tsiku lodzatenga chovala, akwiya, ati wawanamiza. Wailesi ikanena zimene sakugwirizana nazo ankaiyankha, ndipo ikapitiriza kulankhula ankaitembenuza kuti iyang'ane kukhoma.

Achemwali amati kale zinali zoopsa kuposa pamenepa, chifukwa mkwiyowo unkagonera. Chaka chimene anabadwa mwana wawo woyamba anakhala milungu itatu osalankhulitsana, chifukwa achemwali anatenga sizasi yodulira nsalu n'kudulira zipsepse za nsomba. Mlungu wachitatuwo kunali msonkhano wa mphakati, kumene Akatolika oyandikana nyumba timakumana pakhomo pa wina kuwerenga Baibulo ndi kupemphera, ndipo amene anapatsidwa kuwerenga anali alamu. Anafika pa mawu aja onena kuti munthu ukakwiya, usalole kuti dzuwa lilowe ukadali wokwiya. Anaima. Anawerenganso, n'kuwerenganso kachitatu, anthu n'kumaganiza kuti zilembo zawachepera. Kenaka anatseka buku, n'kusuzumira kunja kuti aone pamene dzuwa lafika, n'kupita pamphasa pamene panakhala azimayi, n'kupepesa akazi awo anthu onse akuona.

Enafe mawu a Mulungu timawamva, n'kugwedeza mutu, n'kunyamuka kukaphika. Alamu ankawatenga ngati muyeso wa thalauzi: mukati mainchesi 32 ndi 32 basi, osaonjezera, osachotsera. Ndiye m'mawu aja anaonamo zinthu ziwiri. Choyamba, dzuwa likamalowa mkwiyo uyenera kukhala utatha. Chachiwiri, chimene chinawasangalatsa kwambiri, panalibe pamene analetsa kukwiya masana.

Kuyambira tsiku limenelo mkwiyo wawo unkagwira ntchito ngati munthu wa m'boma, kulowa m'mawa, kuweruka madzulo. Ikamakwana 4 koloko ankaphimba makina ndi chitenje, n'kuyamba kuwerenga pa zala anthu amene awalalatira tsikulo, n'kundifunsa ine ngati aiwalapo wina. Ine ndinkaonjezerapo mmodzi kapena awiri amene sanawalakwire, kungofuna kuwaona akuthamanga. Kwathu ku Chilomoni dzuwa silichedwa, limangofika pa Michiru n'kugwera kuseri, ndipo alamu ankadandaula kuti anthu a ku Ndirande Mulungu anawakondera, anawapatsa mphindi khumi zapadera zokwiyira.

Kupepesa kwake nakonso kunali kwa mtundu wake. Ankafika pakhomo pa munthu ali wefuwefu, n'kuvula chipewa, n'kunena kuti, "Pepani kuti ndinakutchulani mbuzi. Zimene munachita zija n'zaumbuzi ndithu, koma kutchulako ndiye ndinalakwa." Nthawi zambiri kupepesa kotereku kunkayambitsa mkangano watsopano, ndiye ankayenera kupepesanso kachiwiri, diso limodzi lili pa munthu, lina lili paphiri.

Tsiku lina anayambana m'mawa ndi kondakitala wa minibasi amene anasanjika chidebe cha usipa pamwamba pa nsalu ya ukwati ya kasitomala. Mnyamatayo sankamudziwa dzina, ankangokumbukira kuti ali ndi dzino loguluka. Madzulo anakaima pa siteji n'kumaimitsa minibasi iliyonse, kusuzumira m'kati, n'kumauza makondakitala kuti aseke. Atamupeza, kondakitalayo anaganiza kuti mdalayo wabwerera ndewu, ndiye analumpha n'kuliyatsa liwiro kulowera kumsika. Anthu a ku Chilomoni mpaka lero amasimba za telala wadazi amene ankathamangitsa munthu pakati pa mabenchi a tomato akukuwa kuti, "Ima ndikupepese!"

Atabwera matipate, ndale za zipani zambiri zija, ntchito yopepesa inachuluka. Pakamwa pa aliyense panatseguka, ndipo khonde la a Hamis linasanduka nyumba ya malamulo. Alamu ankasoka malaya a nsalu za zipani zonse, mitundu yonse, n'kumakangana ndi eni ake onse. Kaunjika nayenso anali atawalanda makasitomala ambiri, kotero nthawi yokwiyira inalipo yokwanira. Masiku ena ankaphimba makina 3 koloko kuti akwanitse kuzungulira.

Ine ndinkawaseka, nanga mlamu ntchito yake n'chiyani. Koma ndinene zoona, pansi pa mtima ndinkawasirira. Ineyo amene ndikusekane pali amayi ena kumpopi amene sindinawapatse moni kuyambira chaka cha 1986 chifukwa cha nkhani ya beseni, ndipo Lamulungu lililonse ndimapita kukalandira Ukaristia popanda manyazi. Alamu ankayambana ndi anthu khumi pa tsiku, koma analibe mdani ngakhale mmodzi wogonera.

Amene analandira mapepeso ambiri kuposa munthu aliyense, kuposa ngakhale achemwali, anali a Msiska. Iwowa anali a ku Rumphi, kalaliki ku ofesi ina ya boma m'tauni, mkulu wa mpingo ku CCAP, munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuchita kuwasankha m'thumba. Nyumba yawo ya lendi inayang'anizana ndi ya alamu, msewu wafumbi uli pakati, ndipo anakhala choncho zaka 19. Thalauzi lililonse limene a Msiska anavala zaka zonsezo, yunifolomu ya mwana wawo aliyense, zonse zinadutsa pa makina a alamu. Ngakhale masiku aja amene anthu ankaopa kuoneka akucheza kwambiri ndi anthu akumpoto, alamu ankaoloka msewu tsiku lililonse ngati palibe chimene amva.

Ankakangana pa chilichonse: mpira, ubatizo, kaphikidwe ka nyemba. A Msiska sankakweza mawu, zimene zinkawapsetsa mtima alamu kuposa kutukwanidwa. Akaweruka ku ofesi ankakhala pakhonde pawo, bawo ali pamiyendo, n'kumadikira. Alamu akatulukira ndi chipewa m'manja, a Msiska ankayang'ana wotchi yawo n'kuwauza kuti lero achedwa. Kenaka ankasewera bawo mpaka kuitanidwa kukadya.

Nkhani imene ndikufuna kusimba inachitika kumapeto kwa Juni mu 1995. Loweruka kunayamba chiperoni, mvula ija yowaza ngati ufa, ya mphepo yolowa m'mafupa, mitambo itatsika mpaka Michiru osaoneka. Lamulungu tikuchokera ku Misa tinakumana ndi a Msiska akuchokera kutchalitchi kwawo. Anali atavala suti yatsopano yotuwa. Alamu anaiona ili patali. Telala amadziwa msoko wake ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake, ndipo sutiyo sinali yawo.

Sanapereke n'komwe moni. Anagwira phewa la jekete, n'kulitsina, n'kufunsa amene wasoka. A Msiska anayang'ana pansi n'kunena kuti ndi telala wina ku Limbe. Alamu anafunsa kuti suti yatsopano pakati pa chaka ndi ya chiyani, kuli ukwati wa yani umene iwo sanaumve. Apa akazi awo a Msiska ndi amene anayankha. Anati abambo apuma pa ntchito, Lachisanu lapitalo anzawo a ku ofesi anawachitira phwando lotsanzikana, ndipo Lachisanu likubwerali kubwera lole yodzawanyamula ndi katundu yense kupita kwawo ku Rumphi.

Ine ndinaona nkhope ya alamu. Za suti zinawapweteka, inde, koma chimene chinawalasa ndi ulendowo, ndiponso kuti anthu a ku ofesi anadya kale mpunga wotsanzikana iwo osadziwa kanthu. Koma munthu wamwamuna wa zaka makumi asanu sangaime pamsewu n'kunena kuti usapite, ndikhala ndi yani. Ndiye zonse anazithira pa suti. Anati mapewa ndi okhota, kolala ikuoneka ngati yaponderezedwa ndi minibasi, manja ndi aatali ngati asokera munthu wofuna kuba nkhuku. Kenaka mawu anatsika.

"Zaka zonsezi ndimati ndili ndi m'bale kutsidya kwa msewu. Osadziwa kuti ndi kasitomala chabe."

A Msiska, amene sindinawamvepo akubweza mawu oipa, anakonza tayi yawo n'kuyankha kuti, "Ngati ndi choncho, a telala, kasitomala amasoketsa kumene wafuna."

Aliyense analowa m'nyumba mwake. Ife sitinade nkhawa kwenikweni, tinkadziwa kuti ikakwana 4 koloko chipewa chivulidwa. Inakwana 4, inakwana 5, alamu ali phee pampando, akuotha mbaula. Achemwali anawakumbutsa kuti kunja kukuda. Alamu anadzuka, n'kutsegula chitseko, n'kuyang'ana kumwamba mbali zonse mosafulumira, n'kubwerera kudzakhala pansi nkhope ikuwala ngati munthu amene watola chinthu pamsewu. Anafunsa ngati pali amene waliona dzuwa tsiku limenelo. Panalibe. Ndiye anati dzuwa limene silinatuluke silingalowe, ndipo malinga ngati silinalowe, iwo ali ndi ufulu wonse wokwiya.

Zaka zoposa makumi awiri munthuyu anali asanagonepo ndi mkwiyo, ndipo Lolemba anafika pakhonde akuoneka ngati wadya chinthu chimene anachilakalaka nthawi yaitali. Chiperoni chinali chikadalipo. Anthu atamva nkhaniyi anayamba kubwera ngati kuli msonkhano. Woyamba kuyesa anali a Hamis, eni golosale, amene ndi Msilamu ndipo za nthawi ya dzuwa amazidziwa kuposa tonsefe.

"A telala, ine dzulo ndaswali dzuwa litalowa, lero ndiswalinso. Dzuwa likulowa bwinobwino, mitambo yangoliphimba."

"Munaliona?"

"Sitichita kuliona. Nthawi yake timaidziwa."

"Ine sindiyendera zongomva, a Hamis. Mawu akunena dzuwa, sakunena wotchi."

A Hamis anangopukusa mutu n'kubwerera kukayeza shuga. Apa ine mtima unandipsa, chifukwa kuseka ndinali nditasiya. Ndinawauza kuti chabwino, ngati dzuwa silinalowe chiyambire dzulo, ndiye kuti lero likadali Lamulungu, nanga Mkhristu wotani amene amapalasa makina pa tsiku la Mulungu? Ndinkaganiza kuti ndawagwira. Alamu anaimitsa phazi, n'kuganiza pang'ono, n'kunena kuti alamu mwanena zoona. Anatenga chitenje, n'kuphimba makina, n'kupinda manja. Amayi ena amene anabwera kudzatenga diresi anauzidwa kuti abwere Lolemba. Atanena kuti lero ndi Lolemba, alamu anawalozera kumwamba.

Lachiwiri achemwali anakaitana a Onesimo, akatekisiti athu, amene anabwera ndi ambulera yothyoka nthiti ziwiri. Anafotokoza bwinobwino kuti tanthauzo la mawu aja ndi lakuti munthu usachedwe kukhululuka, kaya kuli dzuwa kaya kuli mvula. Alamu anawapatsa Baibulo kuti awaonetse pamene palembedwa za mvula. Anawakumbutsanso kuti mwezi wathawo iwo omwewo anaphunzitsa kuti pa mawu a Mulungu sitionjezerapo zathu. A Onesimo anamwa tiyi, n'kudya mandasi anga awiri, n'kunena kuti akawapempherera.

Koma ine pobwerera kunyumba madzulo aliwonse ndinkadutsa pamsewu uja, ndipo ndinkaona zimene alamu ankakana kuziona. A Msiska ankakhala pakhonde pawo atavala juzi, makatoni omangidwa ndi zingwe ali mbali zonse, bawo ali pamiyendo. Ankayang'ana wotchi, n'kuyang'ana chitseko cha kutsidya. Zinandimvetsa chisoni kwambiri, moti Lachitatu ndinatula beseni langa pakhonde pawo n'kuwafunsa mosapita m'mbali chimene anapitira ku Limbe, telala ali pakhomo.

Anandiuza kuti nsaluyo anagula mu Epulo. Kawiri konse anafika nayo pa golosale ili m'khwapa, koma ankadziwa kuti a telala akangoitambasula afunsa kuti ndi ya chiyani, ndipo iwo ayenera kuyankha. Ulendo woyamba anagula machesi n'kubwerera. Ulendo wachiwiri anagula mandasi kwa ine, ndipo ndinakumbukiradi kuti tsiku limenelo anaiwala mandasiwo pabenchi. Anati ku ofesi kutsanzika kunali kosavuta, ndi kalata chabe, koma kutsidya kwa msewu pakamwa pankakana. Ndinawafunsa chimene chikuwaletsa kuoloka okha tsopano. Anati zaka 19 amene amaoloka ndi a telala, iwo njira yake sakuidziwa, ndiponso mawu aja a kasitomala anawapweteka.

Amuna awiri akuluakulu, wina mkulu wa mpingo, wina wowerenga mawu ku mphakati, msewu wake woti nkhuku imaoloka osaima. Ndinapita kwa alamu n'kuwakhuthulira zonse mmene ndinazimvera, n'kuonjezerapo zanga zimene sindingalembe pano. Anamvetsera mpaka kumapeto. Ndinaona kuti zawalowa, chifukwa anayamba kupukuta magalasi amene anali oyera kale. Koma anati munthu amene wabisa ulendo miyezi itatu ayenera kulawako pang'ono mmene zimawawira. Anati adzaoloka Lachisanu m'mawa lole ikamapakira, adzapepesa bwinobwino, adzathandiza kunyamula makatoni. Ndinawafunsa kuti Lachisanu lidzafika bwanji poti kwa iwo likadali Lamulungu. Anandiuza kuti ndisawaphunzitse Baibulo ine wogulitsa mandasi.

Lachinayi kunacha ndi chiperoni chomwecho. Popeza sankagwira ntchito, ndiponso mkwiyo unali utayamba kuzirala ndipo unkafunika nkhuni, alamu anakwera minibasi m'mawa kupita ku Limbe kuti akamuone ndi maso awo telala amene anasoka suti ija.

Lole inafika 9 koloko tsiku lomwelo. Dalaivala anati wauzidwa kuti Loweruka galimoto ikufunika kwina, ndiye ngati sanyamuka lero, a Msiska adikire mwezi wamawa, chonsecho nyumba anali atabweza kale kwa eni ake. Anthu a m'dera anathandiza kupakira. Ine ndinasiya beseni ndi a Hamis n'kumathamanga pakati pa siteji ndi lole ngati wamisala, minibasi iliyonse yochokera m'tauni n'kumaisuzumira. Achemwali anayesa kuchedwetsa zinthu, anaphikira dalaivala tiyi, n'kumuphikiranso wina. Pofika 12 koloko dalaivala anayamba kuliza hutala.

A Msiska anapempha mphindi zisanu. Anayenda wapansi mpaka pa golosale, atavala suti yotuwa ija, n'kuima pafupi ndi makina ophimbidwa. Anaika dzanja pa chitenje, osachivundukula. Anafunsa a Hamis ngati a telala ananena nthawi yobwerera, a Hamis n'kuyankha kuti sananene. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Mayi Kristina, muwauze kuti ndinafika."

Alamu anatsika minibasi cha m'ma 3 koloko akusekerera. Asanafike n'komwe pakhonde anayamba kutisimbira kuti telala wa ku Limbe uja ndi kamwana, choko amagwira ngati akulemba pabolodi, ndipo iwo anaima pawindo lake ola lathunthu akumuseka. Anaona kuti palibe amene akuseka nawo. A Hamis analowa m'golosale. Zinatsalira ine, ndipo ndinawauza mmene zinalili, kuti lole yapita, ndi kuti a Msiska anafika.

Sanakwiye. Ndinkayembekezera kuti atukwana dalaivala, boma, ine, koma anangokhala pa mpando wawo wa makina n'kufunsa kuti yanyamuka nthawi yanji. Nditawauza, ndinawaona akuwerenga pa zala, ndipo ndinadziwa kuti akuyeza pamene loleyo yafika. Inali itapitirira kale Balaka.

Ndiye ngati kuti kumwamba kunali munthu amene ankangodikira, cha m'ma 4 koloko mphepo inasintha. Mitambo inang'ambika mbali ya Michiru, ndipo dzuwa linatuluka lonse, lofiira, malata onyowa a Chilomoni yense n'kumanyezimira. Azimayi anathamangira kukayanika zovala zimene zinakhala m'mabeseni masiku asanu. Alamu analiyang'ana, n'kudzuka, n'kuvula chipewa, n'kuyamba kuthamanga mmene ankachitira masiku onse. Ine ndinawatsatira. Anafika pakhomo pa a Msiska, pamene panali loko watsopano wa eni nyumba ndi zidutswa za zingwe pakhonde, n'kuodira. Anaodiranso kachiwiri. Anthu amene kwa zaka zambiri ankatuluka m'nyumba kudzaseka telala akuthamanga anatulukanso tsiku limenelo, koma panalibe amene anaseka. Anaima pamenepo chipewa chili m'manja mpaka dzuwa linagwera kuseri kwa phiri, ndipo achemwali ndi amene anapita kukawagwira dzanja.

M'mawa mwake analemba kalata ya masamba anayi, ine n'kukaiponya ku positi. Sindinaiwerenge, ngakhale envelopu inali yosamata bwino ndipo chiyeso chinalipo. Makina anavundukula, ntchito n'kuyambiranso, koma munthuyo sanali yemwe uja. Ulusi unkaduka, iwo n'kungolumikiza. Pakhonde anthu ankakangana za zipani mpaka kugwirana malaya, iwo osatukula mutu. Ku Misa, nthawi yolandira ikakwana, ankatsala pabenchi atagwada, ndipo anatero Malamulungu atatu otsatizana. A Onesimo atawafunsa, anayankha kuti palembedwanso kuti ukafika pa guwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, uyambe wapita kukagwirizana naye, ndipo m'bale wawo ali ku Rumphi. Ulendo uno a Onesimo sananene kuti akuwerenga molakwa.

Achemwali anada nkhawa kwambiri. Tsiku lina anapsereza ndiwo dala, alamu n'kudya osanena kanthu. Tsiku lina anatenga sizasi ya nsalu n'kuiika poonekera pafupi ndi nsomba, alamu n'kungoitenga n'kuipukuta. Achemwali anabwera kwa ine akulira, ati amuna awo akudwala. Ndipo kunena zoona dera lonse linkaona ngati pasowa chinthu, ngati mmene zimakhalira chigayo chikasiya kulira.

Pakati pa mwezi wa Julaye, tsiku lina m'mawa, panafika mayi wina wachilendo pa golosale, nesi wa kwawo kwa a Msiska amene ankabwerera ku ntchito kuchokera ku tchuthi. Anafunsa a telala, n'kupereka phukusi lokulungidwa m'pepala la khaki, lomangidwa ndi chingwe mfundo zisanu ndi imodzi, mmene amamangira makalaliki. Alamu analephera kumasula, ndiye ndinadula ndine. M'kati munali jekete yotuwa ija, ndipo pa thumba lake panali kapepala kobayidwa ndi pini. Anandipatsa kuti ndiwerenge, ati magalasi achita nthunzi.

Kapepalako kanati: "A telala, kalata yanu ndalandira. Amene anayamba kulakwa ndine, ndipo ndinayenera kuoloka msewu. Nkhani yatha. Koma za manja munanena zoona, ndi aatali, anthu akundiseka kutchalitchi kuno. Konzani, mupatsire mayi yemweyu akamabwera mu Ogasiti."

Alamu anatenga jekete ija n'kuitembenuza kunja kukhala m'kati. Anayang'ana msoko wa m'khwapa, n'kuukoka, ndipo ndinamva kupuma kwawo kukusintha. Anayamba pansipansi, kuti taonani ulusi wake, taonani mmene wadyera nsalu, munthu ameneyu anaphunzira kusoka pa matumba a chimanga. Mawu anakwera, mpaka a Hamis anatulutsa mutu pawindo akumwetulira, ndipo mayi wina amene ankagula sopo anathamanga kukauza achemwali kuti amuna awo achira.

Ine ndinati ndiwaziziritse pang'ono. Ndinawafunsa kuti manjawo adula bwanji poti mwini wake ali ku Rumphi, kapena tilembe kalata ina kuti adziyeze ndi chingwe atitumizire. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Lamanja mainchesi 25. Lamanzere 24 ndi theka, anathyoka ali mwana atagwa mu mtengo wa mango. Mukuganiza kuti ndikufunika tepi ine?"

Anayala jekete pa makina, n'kutenga choko, n'kulemba mzere pa dzanja lamanja, n'kulembanso pa lamanzere, m'mwamba pang'ono. Kenaka ananyamula sizasi, koma sanadule msanga. Anakhala kaye ataigwira, chifukwa maso anali atadzaza misozi ndipo mzere sankauona.